Kodi ndingaboole chitseko chakukhitchini kuti mphaka azilowa ndi kutuluka yekha?

Abale ndi alongo, ndabwera kuti mundithandize maganizo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma kwathu yatisowetsa tulo. Ndimakhala ku Chilomoni m'nyumba ya lendi, pamodzi ndi ana anga awiri komanso mayi anga amene ndi okalamba. Chaka chatha makoswe anatisautsa kwambiri, moti anaboola matumba a chimanga m'sitolo ndiponso anatafuna waya wa filiji. Sindinafune kutchera tameki chifukwa nthawi imeneyo mwana wanga wamng'ono anali akukwawa, choncho ndinakapempha kamphaka kakakazi kwa achemwali anga ku Bangwe. Mphakayu ntchito yake waigwira, ndipo papita miyezi yambiri tisanamvenso khoswe akuthamanga kudenga.

Vuto lake ndi lakuti chikulireni amakana kudzithandiza m'beseni la mchenga limene tinamuikira, amafuna panja basi. Cha m'ma 2 koloko usiku amayamba kulira ndi kukanda chitseko chakukhitchini, ndipo amene amadzuka ndi mayi anga, popeza tulo tawo n'topepuka ndiponso chipinda chawo chinayandikana ndi khitchiniyo. M'nyengo ya mvula tinkangomusiyira windo lotsegula, koma udzudzu unkadzaza m'nyumba ndipo ana onse awiri anadwala malungo motsatizana, motero tinaleka. Sabata yatha ndinadzidzimuka usiku n'kuwapeza mayi ataima pakhomo lotsegula, magetsi atazima, atafunda kachitenje kokha, kunja kukuwaza chiperoni, akudikira kuti mphaka abwerere. Zimenezi zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa munthu wa msinkhu wawo sayenera kuima pa mphepo yotero, komanso kutsegula khomo nthawi imeneyo n'kuika moyo wa banja lonse pachiswe.

Ndinaona pa intaneti kuti pali kachitseko kakang'ono ka pulasitiki kamene amakaika m'munsi mwa chitseko chachikulu, kolendewera kuchokera pamwamba, koti mphaka amangokankha ndi mutu n'kudutsa, kenako n'kudzitseka kokha. Chitseko chathu ndi cha mlombwa, cha mapanelo anayi, ndipo kunja kwake kuli chitseko china cha mabagala. Ndikufuna kudziwa kukula kwa bowo loyenera, ngati kuboolako sikungafooketse chitseko, ndiponso ngati sindikhala ndikutsegulira njira akuba, njoka ndi amphaka a eni. Amene munachitapo zimenezi kuno ku Blantyre, chonde ndiuzeni mmene zinayendera.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande:
Mayi, ntchito imeneyi siyovuta, koma muyeso uyambire pa mphaka, osati pa chitseko. Mumuimitse pansi posalala n'kuyeza kuchokera pansi kufika pamimba pake. Amphaka ambiri muyeso umenewu umakhala pakati pa masentimita 10 ndi 15, ndipo m'munsi mwa bowo muyenera kukhala pamenepo kuti asamachite kudumpha kapena kukwawa. Tizitseko togula timeneti tambiri timafuna bowo la masentimita pafupifupi 16 kapena 17 mbali zonse, koma musadule musanagule, chifukwa m'katoni mwake mumakhala pepala lojambulira bowo lenilenilo. Timachotsa chitseko pa mahinjesi n'kuchigoneka pa benchi, n'kuboola ndi dirilo m'makona anayi onse, kenako n'kudula ndi kasowo ka magetsi kotchedwa jigsaw kulumikiza mabowowo. Tikatha timapala ndi sandipepa n'kupaka vanishi m'mbali modulidwamo, apo ayi thabwa limamwa madzi a mvula n'kutupa mpaka chitseko chimayamba kuvuta kutseka.

Chofunika kusamala ndi thabwa lopingasa la m'munsi, limene limagwira mbali ziwiri za chitseko. Limenelo likadulidwa chitseko chimayamba kuwerama pang'onopang'ono, choncho bowo liyenera kugwera mu panelo. Komabe ine ndikanakhala inu, chitseko cha mlombwa sindikanachikhudza n'komwe. Mlombwa masiku ano ukusowa ndipo ndi wodula, ndipo mukadula simungabwezeretsenso mmene chinalili. Chotsani chitsekocho mukachisunge pouma chitagona, pa felemupo pakhomedwe cha paini cha muyeso womwewo, ndipo chimenecho ndiye muboole. Musagule chitseko cha fulashi, chifukwa m'kati mwake ndi mphako, chimafuna kutsekera timatabwa kuzungulira bowo kuti masikuluwu agwire, ndiponso sichilimba pa khomo lakunja.

Mayi wa nyumba za lendi, Chirimba:
Ine ndikuyankha ngati munthu wochititsa lendi. Musakhudze chilichonse musanalankhule ndi eni nyumba, ngakhale kuchotsa chitseko n'kusunga kumene akunena amisiriwa. Ambirife sitikana zinthu ngati tauzidwa bwino, koma chimene chimatiwawa ndi kupeza zitachitika kale. Muwaitane adzaone okha, muwafotokozere za mayi anu, ndipo zimene mugwirizane zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pa foni, kuti tsiku losamuka pasadzakhale kukangana pa ndalama ya dipoziti.

Bambo wa ku Machinjiri:
Achemwali, pepani kuti ine ndikhala wotsutsa pang'ono. Munthu sangalowe pa bowo la masentimita 16, zimenezo n'zoona, koma mkono umalowa, ndipo waya wopinda umafika patali kuposa mkono. Kwathu akuba anakoka chikwama ndi foni kudzera pa windo pogwiritsa ntchito ndodo yomangirira mbedza, ife tili m'tulo, ndipo kuyambira pamenepo bowo lililonse la pa nyumba ndimaliona ndi diso lina. Ngati mwatsimikiza kuboola, kiyi asamagone pa loko, latchi ya m'munsi isamutsidwe ikhale pamwamba pomwe mkono sungafike, ndipo pafupi ndi chitsekocho pasamakhale chinthu chokokeka. Chitseko cha mabagala chizikhala chokhoma ndi loko wabwino usiku uliwonse. Kunena mosabisa, ine ndikanakonda kuti kachitsekoko muzikatseka kukada n'kukatsegula m'mawa.

Mwini funso:
Zikomo achimwene, za kiyi ndi latchi ndazimva ndipo sindinaziganizirepo. Koma ndikakatseka usiku ndiye kuti palibe chimene ndakonza, chifukwa masana chitseko chimakhala chotsegula kale ndipo mphaka amayenda mmene akufunira. Vuto lathu ndi la usiku lomwelo.

Mayi woweta amphaka, Nyambadwe:
Ndakhala ndi kachitseko kotereka kwa zaka zingapo, ndipo ndikuuzeni zabwino ndi zoipa zomwe. Mugule kamene kali ndi loko wa njira zinayi: kotsegula mbali zonse, kolola kulowa kokha, kolola kutuluka kokha, ndi kotseka kotheratu. Loko ameneyu amathandiza tsiku limene mphaka wadwala kapena mukufuna kupita naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa mumaika pa kulowa kokha ndipo akalowa sangatulukenso. Muonetsetsenso kuti kali ndi maginito m'munsi ndi timaburashi m'mbali, popeza zimenezi ndi zimene zimakagwira kuti mphepo isamakatsegule ndiponso udzudzu usapeze mpata. Anthu ena amapanga okha ndi chubu cha galimoto kapena pulayiwudi, ndipo n'zotsika mtengo, koma nthawi zambiri m'mbali mumatsala mipata, ndiye kwa inu amene ana anadwala kale malungo sindingakulimbikitseni.

Amphaka a eni adzalowa ndithu, makamaka ngati mbale ya chakudya imagona pafupi ndi chitseko. Wanuyo poti ndi wamkazi, nthawi yake yofuna mwamuna ikafika amphaka aamuna adzabwera kuchokera kutali, ndipo amathira mkodzo wonunkha kwambiri m'makoma umene suchoka msanga ngakhale mukolope ndi sopo. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yokha, ndipo bere lake limatenga masabata pafupifupi 9. N'kuthekanso kuti kulira kwina kwa usikuko n'kwa zimenezi, osati kufuna kudzithandiza kokha. Ndikukulangizani kuti musanaboole mupite naye akamuchite opaleshoni yoti asamabereke, ndipo pomwepo abayidwe katemera wa chiwewe. Anthu ambiri amaganiza kuti chiwewe n'cha agalu okha, koma mphaka woyenda usiku amatha kulumidwa n'kuchitenga, ndipo iye amasewera ndi ana anu. Kuno ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likuchititsa kampeni ya katemerayu kuyambira 2015, ndipo ku bungwe losamalira nyama la Blantyre SPCA mungathe kukafunsa za katemera ndi opaleshoniyo.

Palinso tizitseko tina timene timatsegukira mphaka wanu yekha. Tina timamva maginito a pa lamba wa pakhosi, koma lambayo amatayika ndiponso amatha kukola pa waya wa mpanda. Tina timawerenga microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene dokotala amabaya pansi pa khungu la pakhosi, ndipo timayendera mabatire, choncho magetsi akazima timagwirabe ntchito. Timeneti ndi todula ndipo ine kanga ndinachita kuitanitsa kwa m'bale wanga wa ku Johannesburg.

Pomuphunzitsa musamukankhire pabowo, chifukwa akachita mantha tsiku loyamba amatha kukana kwa nthawi yaitali. Ine ndinakweza kachitsekoko n'kukapana ndi pegi ya zovala kwa masiku angapo, ndipo ndinkakhala mbali inayo nditagwira usipa m'manja n'kumamuitana. Atazolowera kudutsa ndinayamba kukatsitsa pang'onopang'ono mpaka anayamba kukankha yekha ndi mphuno. Konzekaninso kuti tsiku lina adzakubweretserani khoswe wamoyo kapena buluzi m'khitchini, chifukwa pamene mumamutsegulira nokha mumaona chimene wanyamula, koma pa kachitseko amalowa nacho.

Bambo wa ku Chilomoni:
Ndife oyandikana, ndipo mukudziwa kuti dera lathu lili m'tsinde mwa phiri la Michiru, choncho nkhani ya njoka musaitenge mopepuka, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi Novembala komanso mvula ikayamba. Lambulani udzu kuseri kwa khitchini, ndipo nkhuni ndi njerwa zisaunjikidwe pafupi ndi khomolo. Muonenso kumene madzi amalowera pabwalo panu. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 madzi anafika pa sitepe ya khitchini yathu, ndipo pakanakhala bowo m'munsi mwa chitseko akanalowa onse. Chinanso, kambiranani ndi anansi anu. Ena amatchera tameki, ndipo mphaka akadya khoswe wofa ndi mankhwalawo moyo wake umakhala pa ngozi, pomwe ena ali ndi anapiye ndi nkhunda zimene sangakondwe kuziona zikusowa.

Mwini funso:
Ndikuthokozani nonse chifukwa cha nthawi yanu. Dzulo madzulo eni nyumba anabwera, ndipo atamva za mayi anga anavomera kuti tichotse chitseko cha mlombwa, koma akufuna kukachisunga kwawo mpaka tsiku limene tidzasamuke. Mphaka ndamuyeza, ndipo kuchokera pansi kufika pamimba ndi masentimita 13. Pakati pa zitsulo za mabagala pali mpata wa masentimita 10, ndipo amadutsapo kale popanda vuto. Loweruka ndipita naye kwa dokotala, ndipo za chitseko ndiyamba akachira.

Mmisiri wa matabwa, Ndirande:
Mayi, musanagule kanthu yezaninso mpata wa pakati pa chitseko cha matabwa ndi cha mabagala zonse zikakhala zotseka. Mphaka akamatuluka, kachitseko kamakwera chakunja ndipo kamafuna malo okwana kutalika kwake konse. Mpatawo ukakhala wochepa kazigunda zitsulo, mphaka n'kumapanika pakati.

Mwini funso:
Bambo, mwanditulutsa m'mavuto, chifukwa ndangoyeza kumene ndipo mpatawo ndi masentimita 6 okha. Ndiye kuti pafunika wowotcherera zitsulo adule chitsulo chimodzi m'munsi n'kuwotcherera kafelemu kolimba kuzungulira malowo, ndipo zimenezinso ndiyenera kukapempha kaye kwa eni nyumba. Ngati angakane, kodi n'zotheka kuchotsa galasi limodzi la m'munsi pa windo lakukhitchini n'kuikapo thabwa lokhala ndi kachitsekoko, poti windolo limayang'ana pa khonde pomwe mvula sifika? Amene munaikapo pa windo, chonde ndiuzeni ngati mphaka sanavutike kukwera, ndiponso chimene munamuikira kunja kuti azipondapo potsika.