"Did you went" wandilemetsa, ndithandizeni

Madamu Nyirenda: Aphunzitsi anzanga, ndangomaliza kuchonga chimangirizo cha Chingerezi cha Fomu 2 ndipo cholembera chofiira chatsala pang'ono kutha. Paliponse "Did you went", "She didn't came", "He can goes". Lamulo anawa amalinena pamtima bwinobwino, koma akangogwira cholembera laiwalika. Inu mumatani?

A Banda: Madamu, anawo sakulakwa mwachisawawa ayi. M'Chichewa nthawi imakhala m'kati mwa mneni: ndi-na-pita, ndi-dza-pita. Ndiye mwana akaona "go" ali yekha m'chiganizo cha dzulo, amaona ngati pasowa kanthu. Ine ndimalemba pa bolodi kuti "went" n'chimodzimodzi "did" kuphatikiza "go". Ukamutulutsa "did" kukafunsa funso kapena kukana, wanyamula nthawi n'kupita nayo, wotsala ndi "go". Chimodzimodzi "goes": akatuluka "does", -s wapita naye. Katundu mmodzi sasenzedwa pawiri.

Madamu Nyirenda: Zomveka. Nanga "can"?

A Banda: Can, could, may, might, must, shall, should, will, would, onsewa salandira -s, ndipo mneni wotsatira amabwera wopanda chovala, ngakhale "to" osaikapo. "Ought" ndiye amafuna "to".

Madamu Chisale: A Banda, pepani ndikudulani. Njira imeneyi inandipweteka chaka chatha. Nditawauza kuti pambuyo pa mneni wothandizira pamabwera mneni wosasintha, sabata yotsatira makope anadzaza "She has go" ndi "They are play". Ana amatenga lamulo n'kulimwaza paliponse. Muwauze poyera kuti izi zikukhudza "do" ndi gulu la "can" basi. "Have" amafuna "gone", "seen", "eaten". "Be" amafuna -ing, kapena "eaten" yemweyo ngati chinthu chachitidwa, monga "it was eaten".

A Banda: Mwandigwira, Madamu. Ndiye kuti mabanja atatu pa bolodi, osati limodzi.

A Mwale: Ndiwonjezeko ziwiri zomwe zimabwera mayeso aliwonse. "Must" alibe nthawi yakale, za dzulo timati "had to". Ndipo "can be able to" n'kubwereza, asankhe "can" kapena "is able to". Ngakhale akuluakulu ndimawamva pamisonkhano, koma izo tizisiye.

Madamu Nyirenda: Nanga mwana akandifunsa chifukwa chake "Who came?" alibe "did"?

Madamu Chisale: Pamenepo "who" ndiye mwininkhani, waima pamalo pa wobwerayo. Yerekezani ndi "Who did you see?", pomwe woona ndi "you". Koma musayambe nazo mawa, mungawasokoneze.

Madamu Nyirenda: Chabwino. Mawa ndi "did" yekha. Awiriawiri, wina anene "I went", mnzake afunse "Did you go?", aneni khumi, pakamwa kaye asanatsegule makope. Za "have" Lachinayi. A Banda, munditumizire chithunzi cha bolodi lanulo.