Peptide ikulowadi m'maselo a Jurkat kapena ikungomatirira kunja?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikulowetsa peptide (kachidutswa kakafupi ka puloteni) ya ma amino acid 18 (pafupifupi 2 kDa, yokhala ndi FITC, utoto wowala mobiriwira) m'maselo a Jurkat (maselo a T a munthu oleredwa mu labu) pogwiritsa ntchito electroporation, njira yotsegula mabowo pakhungu la selo kwa kanthawi powawombera ndi magetsi. Timaika maselo 5 miliyoni mu 400 µl ya RPMI (medium yolerera maselo) yopanda serum, peptide 20 µM, mu cuvette (kachubu kowomberamo magetsi) ya 0.4 cm, n'kuwombera kamodzi pa 250 V, 950 µF. Time constant (muyeso wa kutalika kwa kuwomberako) imabwera cha m'ma 22 ms.

Vuto n'lakuti pa flow cytometry (kuyeza kuwala kwa selo lililonse) maselo omwe sanawomberedwe akuwalanso pafupifupi chimodzimodzi ndi owomberedwa. Peptideyi ili ndi arginine zisanu (amino acid ya chaji ya positive, yomwe imakokedwa ndi khungu la selo), ndiye ndikuganiza kuti mwina ikungomatirira pakhungu la selo. Kutsuka katatu ndi PBS (madzi a mchere otsukira maselo) sikukuichotsa. Kodi trypsin (enzyme yodula mapuloteni) ya mphindi zisanu ingakwane, kapena ndibwino kutsuka ndi heparin (ya chaji ya negative, kuti ikoke peptideyo)? Nanga utoto wa trypan blue umazimitsadi FITC yonse yakunja?

China, pakatha maola 24 theka la maselo limakhala litafa. Peptide inabwera ngati mchere wa TFA (trifluoroacetic acid) ndipo tinaisungunula mu DMSO (mankhwala osungunulira), yomwe imafika 1% mu cuvette. Sindikukhulupirira kuti DMSO yokha ingaphe chonchi, koma mabowo akakhala otsegula nkhani imasintha.

Poti kanthu kakang'ono chonchi kamangolowa kokha mabowo asanatsekeke, kodi kutsitsa voltage n'kuwombera ka 8, kwa 100 µs ulendo uliwonse, kungathandize? Ndipo mumadikira mphindi zingati musanathire medium ya serum, poopa ma protease (ma enzyme a mu serum omwe angadule peptideyo)?