Mchimwene wanga walowerera ndi chamba ndi kachasu, ndiyambire pati?

Abale anga, ndabwera kwa inu chifukwa zandikulira. Mchimwene wanga, wotsatana ndi ine, ali ndi zaka 24. Chamba anayamba ali Folomu 3, pano wawonjezera kachasu. Amalawirira ku Chikanda m'mamawa, kubwera usiku ali thapsa. Njinga yake ya kabaza anagulitsa, mwezi wathawu watenganso thumba la chimanga la amayi. Akapanda kumwa manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera. Chandiopsa kwambiri n'chakuti masiku ena amalankhula yekha, akuti akumva mawu a anthu omwe ife sitikuwaona.

Amalume amukhazikapo pansi kawiri, abusa anabwera kudzamupempherera. Amalira, amalonjeza, pakapita masiku atatu wabwereranso. Amayi akuti tingomutsekera m'nyumba. Ine ndakana, chifukwa munthu wozolowera mowa chonchi akausiya mwadzidzidzi amatha kugwa ngati wakhunyu, nanga zitachitika usiku tingatani?

Inu amene munadutsamo, ndiuzeni. Ku Zomba Mental Hospital timangopita naye, kapena tiyambire ku Zomba Central Hospital akatilembere kalata? Akangomva zoti "ku Mental" amapsa mtima, akuti iye si wamisala. Wanu munamunyengerera bwanji mpaka kuvomera yekha?

Ndamvanso kuti a St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amathandiza anthu kusiya mowa ndi chamba. Alipo anapititsako m'bale wake? Amakhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo ndikonzekere ndalama zingati? Ine ndimangogulitsa tomato mumsika wa Zomba, ndiye ndikufuna ndidziwiretu ndisanauze amayi.