Zapezeka: m'petulo munali madzi

Abale, paja ndinafunsa chimene chinazimitsa injini ya kandege kamene achimwene anapanga okha, kangonyamuka kumene kumwera kwa Johannesburg. Ambiri munati ndi kuchepa kwa mpweya, poti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Zoona injini imafooka kuno, koma sizinali zimenezo. Makaniko atatsitsira mafuta m'botolo, madzi anadikha pansi, petulo pamwamba. Labala ya chivindikiro cha thanki inali itang'ambika, mvula nkumalowa.

Achimwene ali bwino, phewa lokha ndilo likupweteka, ndipo ngoziyi anainena kale ku SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa. Mwendo wa tayala lakutsogolo unathyoka, pulopela nkumenya nthaka ikuzungulira. Achimwene akuti angogula pulopela ina basi. Ine ndakanitsitsa. Injini itsegulidwe kaye, aone ngati crankshaft (chitsulo cha m'injini chimene chimazunguza pulopela) sinapindike kapena kuchita mng'alu.