Kodi apolisi azithamangitsa mwana amene wathawa pa njinga yamoto?

mayi_wa_anyamata:

Abale ndithandizeni maganizo pa nkhani iyi chifukwa ikundisowetsa mtendere. Tinene kuti wapolisi waona mwana wa zaka 14 kaya 15 akuyendetsa njinga yamoto, laisensi alibe, helimeti alibe, mwinanso wakweza mnzake kumbuyo. Wamuimitsa, mwana uja ndi mantha wangowonjezera moto nkuthawa. Wapolisiyo achite chani pamenepa? Amuthamangitse ndi galimoto mpaka amugwire, kapena amusiye akamupeze bwinobwino nthawi ina?

Ine ndili ndi anyamata awiri ndipo ndikudziwa mmene mutu wa mwana wa msinkhu umenewu umayendera, akamva sayirini kumbuyo saganiza za khothi kapena chindapusa ayi, amangoganiza kuti kunyumba akamva ndatha ine, ndiye amathawa osaonanso kutsogolo. Chonsecho pa njinga palibe lamba palibe chitseko, chimene chimayamba kufika pansi ndi thupi lake. Mlandu woyendetsa opanda laisensi umatha ndi chindapusa kapena kulandidwa njinga, nanga bwanji uzithera kumanda?

Sindikuikira kumbuyo ana ophwanya malamulo, amalakwa ndithu ndipo atha kugunda munthu wosalakwa. Koma chikundiwawa kwambiri ndi mbali yachiwiri, mwana akagwa nkumwalira ali pothamangitsidwa amayankha ndani? Wapolisi amene anali pa chiwongolero, bwana amene anamuloleza, kapena nkhani imangothera poti anathawa yekha? Amene mukudziwa za malamulo kapena munagwirapo ntchito imeneyi tiuzeni chonde.

Chiwongolero:

Mayi ndakumvani ndipo mantha anu ngomveka, koma tisaiwale mbali inayi. Ana akangodziwa kuti wapolisi saloledwa kuwatsatira, tsiku lomwelo palibenso amene adzaime akaimitsidwa. Izi sindikupeka ayi, zinachitika ku London. Kunabuka mchitidwe wa anyamata oba mafoni pogwiritsa ntchito tinjinga tamoto tating'onoting'ono, ambiri a iwo ana ndithu, ndipo anatulukira nzeru yoti akaona apolisi kumbuyo amavula helimeti nkutaya dala poganiza kuti apolisi aopa kuwavulaza asiya. Mu November 2018 apolisi a Metropolitan anatulutsa mavidiyo oonetsa magalimoto awo akugunda tinjingato mwadala kuti akubawo agwe, ndipo ananena poyera kuti kuvula helimeti sikuwaletsa kutsatira munthu. Anthu ambiri oberedwa anaombera mmanja.

Komanso taganizirani mayi wina amene akuwoloka msewu ndi mwana kumsana, njinga ija ikubwera ndi liwiro woyendetsa sadziwa nkomwe kugwira mabuleki bwino, iyeyo amuteteza ndani wapolisi akangoima nkumaonerera? Ine ndikuona kuti amene wasankha kuthawa wasankhanso zotsatira zake, ngakhale ali mwana. Komanso wapolisi amadziwa bwanji zaka za munthu usiku, wavala jekete, akuthamanga? Tisamupatse wapolisi ntchito yoti alosere.

Kafukufuku:

Achimwene a Chiwongolero, nkhani ya London ija mwaifotokoza bwino koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Aja anali akuba, ena ankaopseza anthu ndi zida, ndipo amene ankaloledwa kuwagunda anali madalaivala a polisi ophunzitsidwa mwapadera osati wapolisi aliyense amene wapezeka ndi kiyi. Mayiwa akufunsa za mwana amene mlandu wake wonse ndi laisensi ndi helimeti. Kumeneko sikelo yake ndi ina.

Ndikupatseni nkhani imene ophunzira malamulo ku America amaidziwa bwino, County of Sacramento v. Lewis. Mu May 1990 ku California apolisi anaitanidwa kukaleletsa ndewu, ali pomwepo kunadutsa njinga yamoto ikuthamanga, woyendetsa wa zaka 18, wokwera kumbuyo Philip Lewis wa zaka 16. Anyamatawa ndewu ija sinkawakhudza nkomwe. Anauzidwa kuti aime sanaime, wapolisi wina anayamba kuwathamangitsa mkati mwa malo okhala anthu, liwiro linafika pafupifupi makilomita 160 pa ola, ndipo nthawi zina galimoto inkatsatira pa mtunda wa mamita 30 okha pomwe kuti iime inkafunika pafupifupi mamita 200. Zonsezi zinatenga masekondi 75 basi, mtunda wa makilomita awiri. Pokhota njinga inagwa, galimoto ya polisi inalephera kuima nkugunda Philip, anafera pomwepo. Onani kuti amene anamwalira si amene anasankha kuthawa, anali wokwera chabe, ndiye mfundo yoti wasankha yekha zotsatira zake imagwa pamenepa.

Makolo ake anasuma, nkhani inafika ku khothi lalikulu la dzikolo ndipo mu 1998 linagamula kuti pa mlandu wa mtundu umenewu sikokwanira kuonetsa kuti wapolisi anali wosasamala, pamafunika umboni woti anali ndi cholinga chovulaza munthu, chifukwa amaganiza mwachangu pa kanthawi kochepa. Mu 2007 pa mlandu wa Scott v. Harris khothi lomwelo linanenanso kuti wapolisi amene anagunda dala galimoto ya mnyamata wa zaka 19 nkumupuwalitsa sanaphwanye ufulu wake. Ndiye mayi yankho la funso lanu lachiwiri ndi lowawa, kukhothi banja limapambana movutikira kwambiri. Ku England ndi Wales nakonso lamulo la 2022 linasintha zinthu, dalaivala wa polisi tsopano amayerekezedwa ndi wapolisi mnzake wophunzitsidwa chimodzimodzi osati dalaivala wamba.

Nchifukwa chake ine ndimati chitetezo chenicheni cha mwana chili mu ndondomeko ya polisi yolembedwa, isanachitike ngozi. Mu 2023 bungwe la ku America la Police Executive Research Forum, limene ndi la akuluakulu a polisi eni ake, linatulutsa malangizo oti kuthamangitsa kuziloledwa pokhapokha munthuyo wapalamula mlandu wa chiwawa komanso akuoneka kuti avulaza wina posachedwa akasiyidwa. Zolakwa zapamsewu sizilowa pamenepo. Ndondomeko yabwino imanenanso kuti wapolisi akangoyamba kutsatira munthu adziwitse a ku ofesi pa wailesi nthawi yomweyo, anene liwiro, msewu, kuchuluka kwa anthu, ngati ndi njinga, ngati akuoneka mwana, ndipo bwana amene ali pa wailesiyo, amene mtima wake sukugunda ngati wa amene ali pa chiwongolero, akhale ndi mphamvu yonena kuti siyani, ndipo akanena zitheredi pomwepo. Pa funso lanu a Chiwongolero loti adziwa bwanji zaka, sakufunika kudziwa tsiku lobadwa, akangokayikira kuti ndi mwana achite ngati ndi mwana.

Chiwongolero:

Za wokwera kumbuyo uja mwandigwira mtima, ndinalibe nazo maganizo. Komabe mukati asiye, ndiye mwana uja wapulumuka basi? Mawa abwereza.

Kafukufuku:

Ayi achimwene, kusiya kuthamangitsa si kusiya mlandu. Mwana si munthu wothawira kunja kwa dziko, amagona pakhomo pa makolo ake, amapita kusukulu, anzake amamudziwa, ndipo njinga ili ndi mwini wake. Pali nambala, pali makamera, kwina amagwiritsa ntchito droni kapena helikopita kutsatira chapatali mwana osadziwa mpaka akaima yekha. Mawa mmawa apolisi agogoda pakhomo, alanda njinga, ndipo wamkulu amene anamupatsa kiyi ayankhe nawo. Ndipo ofufuza ngati Geoffrey Alpert amene anafunsa anthu omwe anathawapo apolisi anapeza kuti ambiri amati akanachepetsa liwiro akanangoona kuti sakutsatidwanso. Ndiye mayi uja mumanena wowoloka msewu ndi mwana kumsana, ali pa ngozi yaikulu pamene njinga ikupirikitsidwa kusiyana ndi pamene yasiyidwa, chifukwa tsopano pali zinthu ziwiri zothamanga osati chimodzi.

agogo_akulankhula:

Ana anga nonse mukulankhula za apolisi koma njingazo amagula ndani? Mwana wa zaka 14 alibe ndalama yogulira njinga yamoto. Ndife akuluakulu timagula, timasiya kiyi poyera, mwinanso timamutuma tokha kuti thamanga ukabwere msanga. Zamagetsi zabwerazi ndiye makolo ena amaziona ngati zidole pomwe zina zimathamanga ngati njinga yamoto yeniyeni ndipo sizimveka phokoso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mukaona wa neba akuyendetsa pitani mukauze makolo ake lero lomwe. Ndipo anu omwe muwauze momveka kuti wapolisi akakuimitsa ima, kunyumba tikakalipa koma tikakulandira. Mwana amathawa chifukwa choopa ife kuposa wapolisiyo.

mboni_yamaso:

Ine ndikufuna ndibwerere pa funso loti amayankha ndani chifukwa ndi pamene mitima ya anthu imapsera. Mu May 2023 ku Ely mumzinda wa Cardiff ku Wales anyamata awiri, wa zaka 15 ndi wa 16, anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto yamagetsi. Usiku womwewo kunabuka zipolowe, magalimoto anaotchedwa, apolisi ena anavulala, chifukwa anthu ankati anawo amathamangitsidwa. Mmawa wake Alun Michael, amene anali mkulu wosankhidwa woyang'anira polisi ya South Wales, ananena kuti panalibe kuthamangitsana kulikonse. Pasanapite nthawi kunatuluka vidiyo ya kamera ya panyumba ina yoonetsa galimoto ya polisi ikutsatira njinga ija patangotsala pang'ono kuti ngozi ichitike. Apolisi anafotokoza kuti pa nthawi ya ngoziyo galimoto yawo inali mu msewu wina, koma ndani akanawakhulupiriranso atayamba ndi kukana? Nkhaniyo inapita ku IOPC, bungwe loima palokha lofufuza apolisi.

Ndiye kwa ine zinthu zake ndi izi, mwana akafa kapena kuvulala kwambiri pamene apolisi anali kumbuyo kwake, polisi yomweyo isadzifufuze yokha, ndipo akuluakulu asathamangire kunena kuti sitinalakwe asanaone umboni. Mawu a pa wailesi, vidiyo ya kamera ya mgalimoto ndi ya pachifuwa, ndi kachipangizo kolemba liwiro ndi malo a galimoto, zonse zitsekeredwe ola lomwelo ndipo banja lipatsidwe mpata woziona. Komanso pali kachinyengo kena kamene ndondomeko iyenera kutseka, koti sitimathamangitsa timangotsatira. Mwana amene waona galimoto ya polisi ikumukhotera kumbuyo kona iliyonse sasiyanitsa zimenezo, sayirini ilire kaya isalire. Ngati wadziwa kuti mukumufuna ndipo akuthawa, kumeneko ndi kuthamangitsa ndipo malamulo ake onse agwire ntchito.

Ndipo izi zimatetezanso wapolisi wabwino, amene anamvera bwana atanena kuti siyani vidiyo imamuyeretsa.

mayi_wa_anyamata:

Zikomo nonse, agogo mawu anu ndawamva ndipo anyamata anga ndikhala nawo pansi madzulo ano. A Kafukufuku funso lina, ndondomeko mukunenayi munthu wamba angaione bwanji? Kodi tili ndi ufulu wopita ku polisi kukapempha kuti atiwonetse zimene analemba pa nkhani yothamangitsa njinga, komanso kuti pa chaka anathamangitsa kangati ndipo anavulala angati? Ngati zimatheka ndikufuna tikapemphe limodzi ndi makolo anzanga a komiti ya kusukulu.