Kodi ndalama za Social Security amandisungira kuti?

Mlendo_wadzana:
Moni nonse. Ndangoyamba kumene ntchito kuno ku America ndiye papepala la malipiro ndikuona akundidula 6.2% ati ya Social Security, ndafunsa anzanga kuntchito aliyense akungoti ndi zaukalamba basi. Zimenezi zinayamba bwanji, nanga ndalamazi zikupita mu akaunti ya dzina langa kapena? Odziwa tandimasulireni chonde.

Achikulire77:
Akaunti yanu kulibe achimwene, apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Zomwe akudulani mwezi unozo zikulipira agogo omwe anapuma kale, inunso mukadzakalamba adzakulipirani ndi omwe adzakhale pantchito nthawi imeneyo. Abwana anunso amaponya 6.2% yawo pamwamba pa yanuyo.

Chiyambi chake ndi mavuto aja anayamba mu 1929, mabanki anagwa ambirimbiri anthu nkutaya zonse zomwe anasunga moyo wawo onse, pofika 1933 pa anthu anayi alionse ofuna ntchito mmodzi anali lova, ndiye taganizani nkhalamba yopanda ndalama ana akenso ali pakhomo osagwira ntchito ikanadalira ndani. Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamuloli pa 14 August 1935, koma amene anakhetsa thukuta kwambiri ndi mayi Frances Perkins, nduna ya zantchito, mzimayi woyamba kukhala nduna ku America. Kudula kunayamba mu 1937, nthawi imeneyo inali 1% chabe.

NaBanda_uja:
Tisawatame kwambiri aku America, nzeruyi anayamba nayo ndi a Germany. Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany nthawi imeneyo, anabweretsa inshuwalansi ya matenda mu 1883, ya ngozi zapantchito mu 1884 kenako penshoni mu 1889. Ndipo sikuti mkuluyu anali wachifundo ayi, amaopa kuti antchito onse athawira ku chipani cha ma socialist ndiye anati bola ndiwatseke pakamwa. Penshoni yakeyo umayamba kulandira uli ndi zaka 70, masiku amenewo angati amafika pamenepo kkkk

Achikulire77:
Zoona mayi. Komanso la 1935 lija linasiya kunja antchito akumunda ndi am'nyumba, ntchito zomwe akuda ambiri ankagwira, anadzawalowetsa cha m'ma 1950.

Mlendo_wadzana:
Ndiye ngati sizanga nditati ndafa msanga ndangoluza eti? Zikundiwawa ndithu.

Kalulu_wa_mzeru:
Aise, mawu oti inshuwalansi aja ndi amenewo, suikamo kuti udzatenge zomwe unaikazo. Munthu woyamba kulandira cheke cha pamwezi anali Ida May Fuller wa ku Vermont, mu January 1940. Mayiyu anali atadulidwa $24.75 yokha yonse pamodzi, cheke choyamba chinali $22.54, kenako anakhala ndi moyo mpaka zaka 100 nkulandira zoposa $22,000. Akanati azisunga yekha zikanatha mwezi wachiwiri. Wina amapita msanga wina amachedwa, palibe amadziwa tsiku lake, nchifukwa chake mumasonkha pamodzi.

Komanso simuluza zonse, lamulo la 1939 linabweretsa zoti mkazi wamasiye ndi ana ang'onoang'ono azilandira, mu 1956 anaonjezera olumala oti sangathenso kugwira ntchito. Chofunika inu gwirani zaka pafupifupi 10 mukudulidwa kuti mukwanitse ma credit 40 (mapointi omwe mumapeza mukamagwira ntchito nkumadulidwa), kupanda apo penshoni yaukalambayo simuiona.

Mlendo_wadzana:
Zaka 10? Ine ndili pa mwezi wachiwiri abale