Walipira nyumba zaka zinayi, lero akuti inali lendi

Achemwali a ku Turffontein:
Anzanga apantchito, ndigaireni nzeru. Kuofesi kwathu kwabwera mayi wa kumudzi, amakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, South Africa. Anapangana ndi mwininyumba kuti azilipira mwezi ndi mwezi, ndalama ikadzakwana nyumba idzakhale yake. Walipira zaka zinayi. Mwezi watha waperewera, bamboyo wasintha maloko, akuti zonse zija inali lendi basi. Ana akugona kwa aneba, mayunifolomu atsekeredwa m'katimo. Ndiyambire pati?

Achimwene a ku Yeoville:
Yambirani pa maloko, achemwali. Lamulo la PIE la 1998, loteteza anthu kuti asathamangitsidwe m'nyumba mwachisawawa, silola kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ngakhale akhale ndi ngongole, ndipo silisankha nzika kapena mlendo. Mawa lomwe apite kukhoti la majisitireti akapemphe spoliation order, chigamulo chobwezera munthu chimene walandidwa mosatsata lamulo, abwerere m'nyumba. Ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo la mikangano ya lendi, nakonso amamva madandaulo ulere.

Bambo a ku Berea:
Zoona zimenezo. Koma pepala lilipo? Likuti chiyani? Mlandu wonse wagona pamenepo. Likakhala la lendi lokhala ndi mwayi wodzagula pambuyo, mayiyu ndi wa lendi chabe mpaka atagwiritsa ntchito mwayiwo. Likakhala logulitsa nyumba pang'onopang'ono, nkhani yasintha.

Achemwali a ku Turffontein:
Lilipo bambo, masamba awiri, onse anasaina. Pamwamba palembedwa lease, kutanthauza mgwirizano wa lendi, koma m'munsi muli mtengo wa nyumba ndi mawu oti ndalama za pamwezi zizichotsedwa pamtengowo. Malisiti amasunga m'chikwama cha pulasitiki, ena inki yafufutika.

Bambo a ku Berea:
Ndiye musataye mtima. Khoti limayang'ana zimene anthu anagwirizanadi, osati mutu wa pepala wokha. Tsegulani Alienation of Land Act ya 1981, lamulo la kagulitsidwe ka malo ndi nyumba. Nyumba yokhalamo ikagulitsidwa molipira kopitirira kawiri kwa nthawi yoposa chaka, wogulitsa amayenera kukalembetsa mgwirizanowo ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa eni malo ndi nyumba, pasanathe masiku 90. Asanalembetse saloledwa kulandira ndalama za mtengowo, ndipo Constitutional Court inatsindika zimenezi pa mlandu wa Amardien mu 2018. Kuthetsa mgwirizano nakonso si kungodzuka: alembe kalata, ampatse wogula masiku 30 oti akonze. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu athu ambiri sadziwa ndime 27 ya lamulo lomweli. Munthu akalipira theka la mtengo, angathe kulamula kuti nyumba ilembedwe m'dzina lake, ndalama yotsalayo ikhale bondi, kutanthauza ngongole imene chikole chake ndi nyumbayo. Mlandu wa Botha v Rich wa 2014 unali pa ndime yomweyi. Werengani malisitiwo usiku uno, muone ngati theka lakwana.

Mayi a ku Malvern:
Ine ndisiyane nanu pang'ono, bambo. Tisanamulonjeze mayiyu chilichonse, tifufuze kaye ku Deeds Office kuti nyumbayo ili m'dzina la ndani. Ndinaonapo wogulitsa amene anali mphwake chabe wa mwini wake womwalira, chuma chisanagawidwe n'komwe. Ngati pali bondi ya kubanki ndipo bamboyo sakulipira, nyumba ingathe kugulitsidwa ndi sherifu mayiyu ali momwemo. Muonenso ngongole ya madzi ndi misonkho ku City of Johannesburg, poti popanda satifiketi ya khonsolo dzina silisintha.

Achimwene a ku Yeoville:
Panali ejenti pakati? Ngati analipo, funsani ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba, ngati ali ndi Fidelity Fund Certificate, chiphaso chomulola kugwira ntchitoyi.

Achemwali a ku Turffontein:
Ejenti panalibe, anakumana kutchalitchi. Zikomo nonse. Mawa m'mawa tilawirira kukhoti za maloko, masana ndikafufuza za dzina. Malisiti ofufutikawo tiwatsimikiza ndi sitetimenti ya kubanki, miyezi yambiri ankatumiza pa akaunti. Za ndime 27 pafunika loya, ndiyesa Legal Aid ndi Wits Law Clinic, kumene amathandiza osowa ndalama za loya. Bambo a ku Berea, pepalalo ndikutumizirani pambali nditabisa mayina, muliwerenge.

Bambo a ku Berea:
Tumizani. Ndipo mumuuze mayiyo asasaine pepala lina lililonse limene bamboyo angabweretse sabata ino.